Munkoyo mu Botolo Lofiira

Timu ya basiketibolo ya akazi ya ku Chongwe kale inkatchedwa Anamzeze. Dzinalo linatha chaka chimene kampani ya Liwiro, yopanga chakumwa cha anthu amasewera, inabwera ndi majezi abuluu, basi yopita ku Lusaka tsiku la gemu, ndi kontirakiti ya masamba khumi ndi anayi. Kuyambira pamenepo timuyo inakhala Liwiro Queens, ngakhale kuti pamsika anthu ankangoti "ana a ba Virginia".

Ba Virginia Mwaanga ndiwo anali kochi. M'mawa ankaphunzitsa masamu ku sukulu ina ya ku Chalimbana, masana ankaima padzuwa ndi wezulo pakamwa kumakuwira ana a eni. Kontirakiti ija anaiwerenga mpaka tsamba lachitatu, maso anayamba kulemera, n'kusaina.

Liwiro inali ndi mdani mmodzi, Nyonga. Botolo la Liwiro linali labuluu, la Nyonga lofiira. M'kati monse munali madzi, shuga ndi kamchere, moti munthu atatsinzina sakanadziwa kuti akumwa chiti. Koma pa Fesibuku makampani awiriwa ankalalatirana ngati akazi apamitala ophikira khitchini imodzi. Liwiro ikalemba kuti moyo ndi kuthamanga, Nyonga inkayankha kuti wothamanga wopanda nyonga amakagwera m'ngalande. Zikwangwani zawo zinaima moyang'anizana pamsewu waukulu wopita ku Lusaka, ndipo pa chabuluucho panali nkhope ya Febby.

Febby anali wa ku Bundabunda, nambala faifi, wamtali moti m'minibasi ankakhala mopingasa. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndi bondo lakumanzere lomangidwa bandeji masiku onse. Kawiri konse anthu osankha timu ya dziko anamuuza kuti adikire chaka chamawa. Tsopano anthuwo anali kudzaonerera fainolo Loweruka, ndipo Febby, ba Virginia ndi bondo lija onse ankadziwa kuti chaka chamawa china sichidzapezekanso.

Lamulungu, mu semifainolo, Febby anaponya mpira kutatsala masekondi atatu. Unazungulira nkhata kamodzi n'kulowa. Anthu akukuwa, iye anakakhala pabenchi, anatulutsa botolo m'chikwama n'kumwa atagadamitsa mutu, thukuta likuyenderera m'khosi. Wojambula wa kampani anamujambula pomwepo. Chithunzicho chinali chokongola.

Amene ankayendetsa tsamba la Liwiro pa Fesibuku anali Gershom, bambo wa mafoni awiri ndi udindo wautali moti pakhadi lake unkadya mizere iwiri. Anaika chithunzicho pasanathe mphindi zisanu, poti iye ankaphunzitsa anzake kuti pa intaneti wochedwa sadya. Pansi pake analemba kuti: "Katswiri amadziwa chakumwa chake."

Botolo limene linali pakamwa pa Febby linali lofiira. Dzina la Nyonga linkawerengeka bwinobwino pakati pa zala zake.

A Nyonga anayankha mwaulemu kwambiri: "Zikomo anzathu povomereza." Gershom anachotsa chithunzicho, koma anthu anali atachisunga kale m'mafoni. Analemba kuti tsamba lalowedwa ndi akuba. Anthu anafunsa kuti ndi akuba amtundu wanji othyola nyumba n'kungosiyamo chithunzi chimodzi chokongola. Anachotsanso zimenezo n'kulemba kuti chithunzicho ndi chakalekale, Febby asanalowe m'banja la Liwiro. Wina anazunguliza mzere pa jezi imene Febby anavala, imene kampani inaitulutsa mwezi wapitawo ndi phwando lokhala ndi mabaluni.

Lolemba, pa nthawi ya buleki, foni ya ba Virginia inalira m'chipinda cha aphunzitsi.

"Ba Kochi," anatero Gershom, "mwaona vamene atichita uyu mtsikana wanu?"

"Naona vamene mwalemba. Katatu."

"Iyi ni nkhani ya imeji, ba Kochi. Peji naini ya kontirakiti. Wosewela akagwila chakumwa cha kampani ina pagulu, tili na mphamvu yomuimika. Febby sasewela fainolo pa Chiwelu."

"Mu botolo muja munali munkoyo, ba Gershom, chakumwa cha kumudzi cha chimanga na mizu. Bamake ndiye amapanga. Gemu iliyonse amamutumizila pa minibasi."

"Manje botolo ya Nyonga inachoka kuti?"

"Kumene kuchoka mabotolo yonse. Wina amwa, ataya, wina atola, atsuka. Imwe kwanu mchele mumasungila mu chani?"

"Anthu saona vamene vili mukati, ba Kochi. Aona lebulo."

Ba Virginia anayang'ana mulu wa makope osachonga patebulo. Anaona kuti mawuwo ndi oona, ndiponso kuti Gershom wawanena mwangozi.

Lachiwiri Gershom anaimbanso, mawu ali owala ngati munthu amene wapeza mankhwala a chilala. Abwana ake anali atavomereza njira imodzi. Febby apange vidiyo yopepesa, kumudzi kwawo, poti anthu a pa intaneti amakonda mudzi bola asakhalemo iwo. Akhuthule munkoyo wa mu botolo lofiira, apepese amai ake powachititsa manyazi, ndipo amaiwo amupatse botolo la Liwiro m'manja. Vidiyoyo ikatuluka Lachitatu, Febby asewera fainolo.

"Nanga bamake alakwilidwa chani?" anafunsa ba Virginia.

"Vinthu vili na amai mukati vimayenda maningi," anatero Gershom. "Nili na mafigala."

Lachitatu ba Virginia anasiyira kalasi ntchito pabolodi n'kukwera galimoto yabuluu ya kampani pamodzi ndi Febby. Atachoka patala, fumbi linayamba kulowa ngakhale mawindo anali otseka, ndipo Gershom anafunsa kawiri ngati kulibe msewu wina. Anafika dzuwa litakwera. Ba Eneless, amake Febby, sanawapeze. Anali atapita kutsidya la mtsinje kukathandiza mlamu wawo kukumba mtedza, ndipo foni yawo inali pazenera, pamene inkakhala masiku onse kuti igwire netiweki.

Anadikira ola limodzi. Gershom anayendayenda pabwalo atakweza foni m'mwamba, kenaka anaima pansi pa mtengo wa msolo kumapeto kwa bwalo.

"Apa laiti ni yabwino. Tizachita chabe kopanda bamake, nili na miting'i fifitini awazi. Febby, gwada apa. Uthile munkoyo pansi pang'onopang'ono, ukambe kuti, Amai, nikhululukileni, nalakwa. Uyang'ane pansi."

Febby sanasunthe. Botolo lofiira linali m'manja mwake.

"Ba Gershom, ivi kwathu sitichita. Kugwada pansi pa mtengo, kuthila chakumwa pansi uku uitana munthu, vija tichitila amene anafa. Amai ali moyo, ali ku mtedza."

"Ni chizindikilo chabe, iwe. Ine maketing'i naphunzila zaka folo. Palibe munthu pa intaneti amene aganiza va mizimu."

Febby anatembenukira kwa ba Virginia. Ba Virginia ankadziwa. Ali mwana anaonapo atate awo atagwada chomwecho, chikho m'manja, akuitana dzina la agogo chaka chimene ana ankadwala motsatizana. Ankadziwanso kuti galimoto yabuluu ikabwerera ku Lusaka yopanda vidiyo, Loweruka Febby akhala pabenchi atavala zovala zakunyumba. Anayang'ana bandeji ya pabondo. Msana unkawapweteka ndi msewu uja.

"Chita chabe mwamsanga, mwana wanga, tipite," anatero. "Bamako alibe Fesibuku."

Febby anagwada ndi bondo labwino poyamba. Gershom anamubwerezetsa kanayi, chifukwa koyamba anathira mofulumira, kachiwiri kunadutsa mbuzi, kachitatu mawu sanamveke. Munkoyo utatha mu botolo anakadzazanso kuchokera m'chigubu cha ba Eneless kukhitchini. Nkhuku zinasonkhana kudzatola timisere ta chimanga pamene pananyowapo.

Pobwerera Gershom anapatsa ba Virginia chiwongolero kuti iye akonze vidiyoyo pafoni. Anachotsa mitundu yonse kuti ikhale yakuda ndi yoyera, ndipo ananyadira nzeru imeneyi kuyambira pamlatho mpaka pa boma, poti tsopano botolo la Nyonga silinalinso lofiira. Anaikamo nyimbo ya limba yoyenda pang'onopang'ono. Botolo la Liwiro linkaonekera kumapeto kwenikweni, kumene anthu a pa intaneti safika. Pansi analemba kuti: "Amai ndi amai. Tili pamodzi ndi Febby ndi banja lake pa nthawi yovutayi."

Febby anatsikira pasiteji ya Chongwe n'kukwera minibasi yobwerera ku Bundabunda. Anati akufuna amai ake amve kwa iye.

Komenti yoyamba inali yakuti mzimu wawo uuse mumtendere. Yachiwiri chimodzimodzi. Pofika chakumadzulo anthu anali atayamba kukumbutsana ubwino wa malemuwo, makamaka amene sanawaonepo. A Nyonga anachotsa mtundu wofiira patsamba lawo n'kuikapo kansalu kakuda, nalemba kuti: "Pa imfa palibe mpikisano. Pepa Febby." Aka kanali koyamba makampani awiriwa kugwirizana pa chinthu chimodzi.

Lachinayi m'mawa Febby anaimba foni. "Ba Kochi, bwelani."

Ba Virginia anatsika minibasi ku Bundabunda pamodzi ndi amai atatu ochokera ku Lusaka, amene m'njira monse ankakambirana mtengo wa tomato. Atafika pamene denga la nyumba linayamba kuonekera, atatuwo anamanga zitenje bwino, anaika manja kumutu n'kuyamba kulira monga mmene munthu amalowera pamaliro. Pabwalo mipando inali itatulutsidwa kale. Wina anali atabweretsa nkhuni pangolo. Amai a kwaya anakhala mumthunzi atavala mayunifomu, osadziwa ngati ayimbe kapena apite.

Pakhonde, pamphasa, ba Eneless anali kusenda mtedza.

Mmodzi wa amai atatu aja anasiya kulira pakati pa mawu. Wachiwiri anabwerera m'mbuyo mpaka pankhokwe. Wachitatu, poti anali atayamba kale bwino, anapitiriza pang'ono.

"Fikani, fikani," anatero ba Eneless. "Khalani apo pali anzanu. Tiyi ibwela."

Foni ya ba Virginia inalira asanafike pakhonde. Anali Gershom.

"Ba Kochi, nkhani yabwino. Abwana achotsa chilango. Ati sitingaimike munthu wofedwa, imeji ingaonongeke. Febby asewela."

"Palibe wofedwa, ba Gershom. Nili kuwayang'ana apa, asenda mtedza."

"Nidziwa, nidziwa. Manje nimvelani. Iyi positi yayenda kupambana vonse vamene tinaikapo. Banja singakhaleko chete mpaka fainolo ipite? Masiku yawili chabe."

Ba Virginia anaiyang'ana foniyo kanthawi, n'kuizimitsa, n'kuiika pansi penipeni pa chikwama.

Febby anali kukhitchini akukoleza moto wa tiyi wa anthu amene anabwera kudzaika amai ake. Maso anali otupa.

"Amai ati sinipita kulikonse," ananong'ona. "Pa Chiwelu abwela akulu a mpingo kupemphelela nyumba. Nifunika kuimilila pamaso pa anthu nikambe vamene ninachita. Kuyambila dzulo sakamba na ine."

Ba Virginia anavula nsapato, anakwera pakhonde n'kugwada pambali pa mphasa. Mawondo awo analira onse awiri. Anapereka moni wonse mwadongosolo, za thupi, za ana, za zokolola, ndipo ba Eneless anayankha zonse osasiya kusenda.

"Bamake Febby, mwana anakana. Anakamba kuti kwathu sitichita. Nine ninamuuza kuti chita."

"Imwe aphunzitsi."

"Ine."

"Ninali kuganiza kuti ni uja wa mafoni yawili chabe. Uja ninamukhululukila kale, ni mwana wa mu tauni, angathile na munkoyo pa manda ya galu. Koma imwe mudziwa."

"Nidziwa."

Ba Eneless anakankhira lichero la mtedza pakati kuti nawo ba Virginia asende. Anasenda onse awiri kanthawi.

"Nakhala pa malilo yanga kuyambila sikisi koloko," anatero ba Eneless. "Anthu abwela ochepa kupambana mwamene ninali kuyembekezela. Mlongo wanga wa ku Kafue watuma chabe meseji ati mayendedwe yavuta. Koma ba Nelesi aja, amene tinakangana malile ya munda zaka seveni, ndiye alila kupambana onse. Ninachita kuwagwila kuti angagwe."

"Pa Chiwelu," anayamba ba Virginia, "kubwela anthu osankha timu ya dziko. Mwana uyu bondo yake..."

"Bondo yake niidziwa. Nine nimaithowa na madzi yotentha akabwela kuno. Agwada nayo pansi pa msolo kuniitana monga nili mu dothi, pamenepo bondo ili bwino."

Ba Virginia anapitiriza kusenda. Kunjira kunamveka kulira kwina kukuyandikira, ndipo mmodzi wa amai a kwaya ananyamuka mwaulesi kukawachingamira asanafike patali nako.

Ba Eneless anamvetsera kulirako mpaka kutaduka.

"Aphunzitsi, imwe mudziwa masamu. Ichi chinthu achiona anthu angati?"

"M'mawa anali fote sauzande."

"Fote sauzande. Ku mapemphelo kubwela angati?"

"Kapena sate. Kukakhala chakudya, fifite."

"Manje anthu fifite azaniukitsa bwanji kwa anthu fote sauzande? Nizayamba kuyenda pa msika anthu azithawa. Wa chigayo azakana kunigayila." Anaphwanya mtedza wina. "Uku ku mpila kwanu, ma kamela yakhalako?"

"Yakhalako. Fainolo aionetsa pa mafoni, na pa TV."

"Yayang'ana kuti?"

"Pa bwalo. Na pa benchi yathu."

Ba Eneless anapukuta manja pachitenje.

"Akulu a mpingo abwele pa Sondo, tikachoka mu chalichi. Pa Chiwelu nizakhala kumbuyo kwa benchi yanu, pamene kamela iyang'ana. Uja wa mafoni yawili abwele anitenge yekha pano pakhomo, mpando wa kutsogolo. Nifuna nimuoneko munthu amene ananipha."

"Nanga Febby?"

"Muuzeni kuti vosewela asewele. Vokamba tizakamba pa Sondo, na imwe mukhalepo." Anakweza mawu pang'ono kuloza kukhitchini. "Muuzeninso kuti tiyi yachedwa. Anthu abwela kutali."

Lachisanu Gershom anaika patsamba chikalata chofotokoza, cha ndime zisanu ndi chimodzi, m'Chingerezi cha m'maofesi. Mawu akuti mai Eneless ali moyo anali mu ndime yachisanu. Anthu khumi ndi awiri anachikonda. A Nyonga anachotsa kansalu kakuda mwakachetechete, ndipo kwa tsiku lathunthu sanalembe kanthu.

Loweruka galimoto yabuluu inafika ku Bundabunda m'mawa. Ba Eneless anamuyang'ana Gershom kuyambira kunsapato mpaka kumutu, nati, "Ndimwe aang'ono," n'kumupatsa chikwama kuti anyamule. Njira yonse mpaka ku Lusaka anamufotokozera mmene munkoyo umapangidwira, kuyambira pokumba mizu, ndipo foni iliyonse ikalira ankamuuza kuti ayang'ane msewu.

M'holo munadzaza. Patebulo lakutsogolo panakhala amuna awiri a timu ya dziko, wina ndi kope, wina ndi botolo la madzi wamba limene anali atalichotsa lebulo. Ba Virginia analemba mayina papepala la gemu, Febby pamzere woyamba, n'kukapereka okha kwa olemba mapointi. Ba Eneless anakhala kumbuyo kwa benchi atavala duku latsopano, chikwama pamiyendo.

Matimu atandanda pabwalo, woulutsa mawu anatsokomola mu maikolofoni. Anali ndi pepala limene analandira Lachinayi, ndipo palibe amene anakumbukira kumulanda.

"Tisanayambe, tipempha nonse muimilile mphindi imodzi, tikumbukile malemu amai ake a nambala faifi wa Liwiro Queens."

Holo yonse inaimirira. Gershom anayamba kuthamangira kutebulo la woulutsa, koma ba Eneless anamugwira malaya.

"Asiyeni. Ni yanga."

Anaimirira nawo, manja kutsogolo, n'kudikira mphindi yonse mpaka ithe. Anthu atayamba kukhala iwo anatsala chiimire. Anafunafuna kamera, ataipeza anakweza dzanja n'kuigwedezera pang'onopang'ono, ngati munthu woimitsa minibasi imene akudziwa kuti iima. Mtsikana wina wa timu inayo anaseka koyamba, kenaka phokoso linayenda mzere ndi mzere mpaka kumbuyo. Woulutsa anatembenuza pepala lake kuti aone ngati kuseri kwalembedwa china.

Febby anali pakati pa bwalo atayang'ana pansi. Ba Eneless anakhala, nakonza duku.

"Iwe Febby," anatero, osakweza mawu kwambiri. "Welamuka. Anthu abwela kudzaona mpila."

Refa anaponya mpira m'mwamba. Febby analumpha ndi bondo lomangidwa lija n'kukhala woyamba kuugunda. Munthu wa kope uja anatsegula peni yake. Ba Virginia anakhala pabenchi, anavula nsapato imodzi imene inkawathina kuyambira ku Chongwe, n'kuyamba kukuwira nambala seveni kuti abwerere kumbuyo.